Ukonde wokoka m'mphepete ukutha chambo, ukuweta likodzo

A Mkonzi,

Tipatseniko malo m'nyuzipepala yanu tinenepo za nyanja yathu ya Malawi kuno ku Mangochi. Nsomba zikasowa pamsika, pakamwa pa aliyense pamakhala chambo: chachepa, chakwera mtengo, nyanja itsekedwe kuti chiswane. Mwana akayamba kukodza magazi, nkhani imapita ku ofesi ina, ya zaumoyo, ndipo yankho lake ndi mapiritsi kusukulu. Ife tikuti mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi. Amakumana m'madzi osaya a m'mphepete, kuyambira pamene mwana amasambira kufika pamene munthu wamkulu sapondanso pansi, ndipo chimene chikuwononga malo amenewa ndi ukonde wa maso ang'onoang'ono umene umakokedwa ukukwekwesa pansi.

Tiyambe ndi likodzo, poti ndi limene anthu ambiri saliganizira akamakamba za usodzi. Nyongolotsi ya likodzo singachoke mwa munthu n'kulowa mwa mnzake popanda kudzera mwa nkhono. Wodwala akakodzera m'madzi, mazira a mumkodzo amaswa, ndipo timphutsi totulukamo timakhala ndi maola ochepa, osakwana tsiku, oti tipeze nkhono ya mtundu woyenera. Tikaisowa timafa. Tikaipeza timalowa m'thupi mwake n'kuchulukana kwa milungu 4 mpaka 6, kenaka nkhono imodzi yokhayo imayamba kulavula timphutsi tina tamchira, mazanamazana pa tsiku. Timatuluka kwambiri dzuwa lili paliwombo, nthawi imene ana ali m'madzi ndipo amayi ali padoko ndi mbale ndi zochapa. Timeneti sitidikira kuti munthu amwe madzi, timaboola khungu. M'thupi timakulira m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu mazira amayamba kutuluka. Magazi amene timaona mumkodzo amadza mazirawo akamaboola chikhodzodzo. Mazira ena amatsakamira m'ziwalo zoberekera, za amayi ndi za abambo omwe, ndipo zizindikiro zake ambiri amazisokoneza ndi matenda opatsirana pogonana, mpaka mabanja kukayikirana pa mlandu wa nyongolotsi.

Si nkhono iliyonse imene imasunga likodzo. Ya likodzo la m'chikhodzodzo ndi ya mtundu wa Bulinus, yaing'ono ngati nyemba. Imodzi, Bulinus globosus, imakonda madzi odekha, m'bango, m'madambo ndi pamene mitsinje imathira m'nyanja. Chifukwa cha iyo yokha, kale akatswiri ankanena kuti pamchenga poyera, pomenya mafunde, palibe choopsa. Koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anthu anayamba kutenga likodzo pamchenga woyera womwewo ku Cape Maclear. Ofufuza, mmodzi mwa iwo Henry Madsen wa ku Denmark, anasonyeza m'chaka cha 2001 kuti pali nkhono yachiwiri, Bulinus nyassanus, imene imadzikwirira pang'ono mumchenga poyera ndipo nayonso imafalitsa matendawa. Nkhonoyi si mlendo, ndi mbadwa ya m'nyanja muno. Funso linali lakuti yachulukiranji tsopano.

Yankho lina analipeza powerenga nsomba pansi pa madzi kutsogolo kwa mudzi wa Chembe. Pali nsomba ya mtundu wa Trematocranus placodon, imene kukhosi kwake ili ndi mano ophwatalala ophwanyira zigoba. Ikasankha chakudya, imakonda Bulinus nyassanus kuposa nkhono zina chifukwa chigoba chake n'chosalimba kwambiri. Nsomba yaikulu ndi imene imatha kuphwanya nkhono yaikulu, yaing'ono imangotola tinkhono. Kuyerekeza ndi mmene zinalili cha m'ma 1980, nsombazi zinachepa kwambiri m'madzi osaya a pa Chembe, pamene makoka amakokedwa tsiku ndi tsiku, ndipo nkhono zinachuluka pomwepo. Sitikunena kuti nsomba yokha ndiyo inabweretsa likodzo. Anthu padoko anachuluka, zimbudzi sizinachuluke nawo, ndipo dothi lokokoloka kumtunda limawonjezera chakudya cha nkhono. Koma amene amadya nkhono mwaulere, usana uliwonse, tinamuyanika pathandala pamodzi ndi kambuzi.

Nkhaniyi sinathere pamenepo. M'chaka cha 2017 nkhono ya mtundu wina, Biomphalaria pfeifferi, inapezeka m'mphepete mwa nyanja m'boma lino, ndipo mu 2018 ana asukulu anapezeka ndi likodzo la m'matumbo, limene limafala kudzera m'chimbudzi ndipo limawononga chiwindi. Ofufuza apezanso kuti nyongolotsi ya likodzo la anthu ikukwerana ndi ya likodzo la ng'ombe. Pamene ng'ombe zimamwera ndi pamene ana amasambira, nkhono yake imodzimodzi.

Mankhwala a praziquantel ndi abwino, ndipo makolo asamakanize ana awo akabwera azaumoyo kusukulu. Mlingo wake ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, n'chifukwa chake ana amayezedwa msinkhu pandodo, ndipo ayenera kumwa atadya, apo ayi amachita chizungulire ndi nseru. Chimene anthu sauzidwa mokwanira n'chakuti mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima, zazing'ono zimene zalowa milungu yochepa yapitayo zimapulumuka, ndipo satchinga kuti munthu asatengenso. Mwana amene wamwa Lolemba akhoza kutenganso Lachiwiri. Kugawa mapiritsi chaka ndi chaka nkhono zikuchulukirachulukira kuli ngati kukolopa m'nyumba yodontha denga osafolera.

Tibwere ku chambo, poti ukonde womwewo ndi umene ukuchitha. Chambo si nsomba imodzi, ndi mitundu itatu: Oreochromis karongae, Oreochromis squamipinnis ndi Oreochromis lidole. Mu 2018 bungwe loteteza zachilengedwe padziko lonse la IUCN linaika yonse itatu pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, ndipo lidole akuopa kuti mwina inatha kale. Kuswana kwake kumadalira pansi pa nyanja. Champhongo chimakumba chisa chozungulira pamchenga kapena pamatope n'kumachiteteza. Chachikazi chimaikira mazira pamenepo, n'kuwatola m'kamwa, n'kuwasunga mmenemo mpaka ataswa. Mazira ake ndi mazana ochepa chabe, pamene mlamba umaikira masauzande ambirimbiri, ndipo chambo chimatenga pafupifupi zaka 3 kuti chifike poswa. Mayi akakodwa, ana onse amene ali m'kamwa amathera limodzi naye. Akapulumuka, amakalavula anawo m'madzi osaya, m'bango ndi mu udzu wa pansi pa madzi, kumene mcheni ndi nsomba zina zolusa sizilowa bwino ndiponso kumene ndere ndi tizilombo tomata pamasamba timakhala chakudya chawo choyamba. Kasawala, amene ndi ana a chambo, amakulira mmenemo.

Khoka likamakokedwa, chingwe chake chapansi, cholemera ndi miyala, chimafafaniza zisa, chimazula udzu ndi mizu yomwe, ndipo chimavundula matope. Madzi akada, kuwala sikufika pansi, udzu sumeranso. Kasawala amene wapulumuka ukonde lero amapezeka poyera mawa, ndipo amadyedwa. Choncho khoka limapha kawiri, nsomba zimene lakola ndi zimene lazichotsera pobisala. Pamwamba pa izi, bango likudulidwa m'malo ambiri kuti pakhale mchenga woyera wa malo ogona alendo, ndipo mwini malo amaona ngati wakongoletsa nyanja.

Wofuna umboni apite ku Malombe. Nyanja imeneyi ndi yosaya, mamita ochepa chabe, ndipo pakati pa 1915 ndi 1935, pamene Shire anasiya kutuluka m'nyanja ya Malawi, mbali yaikulu inauma mpaka anthu kulimamo. Madzi atabwerera inakhala nkhokwe ya chambo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 munkachoka matani a chambo oposa 8,000 pa chaka. Pofika 1992 sankakwana 1,000. Pakati pa zaka zimenezo makoka a kambuzi ndi nkacha anachuluka. Nkacha umaponyedwa pakati pa nyanja, mnyamata n'kudumphira pansi kukamanga chingwe chapansi kuti ukhale thumba, ndipo chilichonse chimene chili mkati, kasawala yemwe, chimakwera m'boti. Malo amene chambo chinasiya anatengedwa ndi kambuzi, tinsomba timene timakhwima msanga n'kuswa tisanagwidwe. Matani onse a nsomba sanagwe tsiku limodzi, ndipo ichi chinapusitsa ambiri: nyanja inkaoneka ngati ikupatsabe, pamene inali itasintha eni ake. Lero pansi pa Malombe padzaza nkhono zazitali zosongoka za mtundu wa Melanoides, zimene asodzi amakoka m'malo mwa nsomba. Zimenezi sizifalitsa likodzo la anthu, koma zikutiuza kuti nsomba zodya nkhono zinapita, ndipo chakudya cha pansi pa nyanja chikuthera m'zigoba zimene palibe angazigule.

Makomiti a m'madoko oyang'anira usodzi anayambira komweko ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire mu 1993, ndipo lamulo la usodzi la 1997 linawapatsa mphamvu. Zaka zoposa 30 zapita, chambo sichinabwerere. Ife tikuona kuti chifukwa china n'chakuti malamulo athu amayang'ana nsomba imodziimodzi ndi nyengo, osati malo. Kutseka nyanja kumapeto kwa chaka kumateteza mayi pamene ali ndi mazira m'kamwa, koma nyanja ikatsegulidwa ana omwe aja amakhala ali m'mphepete, ndipo makoka amawapeza pomwepo. Udzu umene unayamba kuphuka m'miyezi iwiri kapena itatu umazulidwa sabata yoyamba. Lamulo limalola kugwira chambo chotalika masentimita 15, pamene pa msinkhu umenewo chimakhala chisanaswepo n'kamodzi komwe.

Kuti tione kuti nsomba za m'nyanjayi zimadalirana motani, tiyang'ane chisa cha kampango. Kampango wamphongo ndi wamkazi amalera ana limodzi, m'dzenje pansi pa mwala, kwa milungu yambiri. Mayi amaikira mazira osakhala ndi ana mkati kuti anawo adye, ndipo amabwera kudzayamwa kumimba kwake. Bambo amapita kukafukula mchenga, n'kubwera kudzautulutsira m'makha mwake pachisa kuti ana atolemo tizilombo. Nsomba zina, kuphatikizapo utaka wina ndi mcheni, zimadzalavula ana awo pachisa chomwecho. Kampango sawathamangitsa, koma amawasiya kunja kwa gulu, ake ali pakati. Mdani akabwera amayamba kugwira a kunjawo, motero ana a kampango amapulumuka ambiri. Alendowo nawo amapindula, poti kukhala pafupi ndi kampango wolusa kuli bwino kuposa kukhala poyera. Izi anazilemba wofufuza Kenneth McKaye m'zaka za m'ma 1980, ataziona ku Cape Maclear konkuno. Pali mlendo wina amene sabwezera kanthu: ana a bombe amapezeka m'zisa za kampango akudya nawo mazira aja ngati ana a m'nyumbamo. Palinso mbuna ya mizere yachikasu ndi yakuda, Pseudotropheus crabro, imene imatola nsabwe za nsomba pakhungu la kampango, iye ali phee. Koma kampango akaikira mazira, mbuna yomweyo imasintha mtundu kukhala yakuda n'kuyamba kuba mazirawo. Ubwenzi ndi umbava zili mwa nsomba imodzi, kutengera nyengo.

Tsono msodzi akagwira kampango pachisa, satenga nsomba imodzi. Ana ake amatha tsiku lomwelo, ana a utaka ndi a mcheni amene anaikizidwa amatha nawo, ndipo mbuna ija imasowa pogwira ntchito. Zoterezi zadzaza nyanja yonse. Kaligono amagona chammbali pamchenga ngati wafa, tinsomba tikabwera kudzamudya iye n'kutimeza. Nsomba ya Corematodus shiranus imavala mtundu wa chambo, n'kulowa m'gulu la chambo kumakanda mamba a kumchira. Chambo chikatha nayonso ilibe tsogolo. Kunja kozama, usipa ndi utaka zimadya tizilombo ting'onoting'ono toyandama m'madzi, mphutsi za nkhungu, tintchentche ta panyanja tija, zimalimbirana nazo chakudya chomwecho, ndunduma ndi nkholokolo zimadya mphutsizo, mcheni ndi mpasa zimadya usipa, nkhwazi ndi katumbu zimadya zonsezi. Pa sitepe iliyonse chakudya chambiri chimathera kusambira ndi kupuma, moti pamafunika pafupifupi makilogalamu 10 a usipa kuti pakule kilogalamu imodzi ya mcheni. Chambo chimadya ndere ndi zomera zing'onozing'ono za m'madzi mwachindunji, n'chifukwa chake nyanja yosaya ngati Malombe inkatha kupereka nyama yochuluka chonchija.

Ena akuti tibweretse nsomba yakunja yokula msanga kuti ilowe m'malo mwa chambo. Awa akumbukire nyanja ya Victoria, kumene anaikamo nsomba yaikulu yolusa ya Nile perch m'zaka za m'ma 1950. Kwa zaka zambiri inkaoneka yosavuta, kenaka m'zaka za m'ma 1980 inachuluka n'kumeza mitundu pafupifupi 200 ya nsomba zofanana ndi mbuna ndi kambuzi wathu. Nsomba ina yakunja, Oreochromis niloticus, imene alimi ena a nsomba amaisirira, inapezeka kale m'madera othira madzi m'nyanja yathu ku mbali ya Tanzania. Imalanda malo oswanira ndipo imatha kukwerana ndi abale ake a mtundu wa Oreochromis, m'mene muli makumba ndi chambo. Damu la nsomba limaoneka lotsekeka mpaka tsiku la madzi osefukira ngati a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Nsomba ikalowa m'nyanja palibe ukonde umene ungaitulutse. Namasupuni tikumudziwa tonse: anachokera ku South America ngati duwa, kuno alibe chomudya, ndipo anatseka Shire mpaka boma linachita kuitanitsa tizilombo ta mtundu wa Neochetina m'zaka za m'ma 1990 kuti timudye. Timenetonso tinayesedwa kaye zaka zambiri kuti sitidya mbewu. Mizu ya namasupuni ndi pobisala pabwino pa nkhono, ndipo mulu wake ukamayandama umazinyamula kuchoka doko lina kupita lina.

Chimene tikupempha sichachilendo. Paki ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaivomereza mu 1984, imaletsa usodzi mamita 100 kuchokera pagombe la malo ake. Ganizo lomwelo lifike m'madoko a midzi, ku Makawa, Malindi, Namiyasi, Msaka, Chimwala ndi kwina. Komiti iliyonse, mogwirizana ndi mfumu, isankhe chigawo cha m'mphepete chimene chikadali ndi bango kapena udzu wa pansi, kapena pothira mtsinje, ichiikire zizindikiro zoyandama, ndipo pasakokedwe ukonde chaka chonse. Malo aang'ono otsekedwa mpaka kalekale amathandiza kuposa malo aakulu otsegulidwa pakapita miyezi iwiri, chifukwa udzu ndi nsomba zodya nkhono zimafuna zaka kuti zikule. Chikwangwani chokha sichiletsa munthu usiku. Muikemo milu ya nthambi zomangidwa ndi kumizidwa ndi miyala: kasawala amapeza pobisala, ndipo wokoka khoka amadziwa kuti ling'ambika. Kumene malo otere amalephera ndi kumene komiti yadzaza eni makoka okhaokha, kapena kumene malowo anasankhidwa pamchenga wopanda kanthu kuti asasokoneze munthu. Ku chilumba cha Mbenje ku Salima mafumu akhala akutseka usodzi chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimatheka chifukwa wolakwa amalangidwa ndi anthu amene amamudziwa.

Oyendera maukonde nawo asamangoyang'ana mapiko a ukonde. Diso la ukonde limayezedwa uli wonyowa, litakokedwa, kuchokera pamfundo kufika pamfundo yoyang'anana nayo. Ku Malombe anagwirizana kuti nkacha ndi khoka la kambuzi zisachepere mamilimita 19. Chinyengo chimakhala m'thumba, kumene nsomba zimasonkhana: kunja maso ovomerezeka, mkati asokereramo neti ya udzudzu, imene ili ndi timabowo pafupifupi 25 pa sikweya sentimita imodzi. Pamenepo sipadutsa ngakhale kamwana ka nsomba kongolavulidwa kumene. Ndipo tisapanikize wa bwato yekha. Maboti akuluakulu okoka ukonde saloledwa m'madzi amene kuya kwake sikukwana mamita 18, koma akalowa usiku amawononga pa ola limodzi zimene mudzi wasunga chaka chonse, ndipo wa khoka akaona zimenezo samveranso komiti.

Ofesi ya zausodzi ndi ya zaumoyo ziyambe kuyendera madoko limodzi. Alangizi a zausodzi amene amalemba nsomba padoko alembenso padera nsomba zodya nkhono, m'malo moziphatikiza ndi kambuzi kapena chisawasawa. Azaumoyo azisefa mchenga ndi udzu pamalo osambira kuti adziwe nkhono zimene zilipo ndi miyezi imene zimachuluka, ndipo kugawa mankhwala kuzitsata miyezi imeneyo, kufikire asodzi ndi amayi a padoko, osati ana asukulu okha. Asukulu ya zausodzi ya ku Mpwepwe ndi ofufuza a ku Monkey Bay ali pafupi, angathe kuphunzitsa makomiti kusiyanitsa nkhonozi. Doko lililonse likhale ndi chimbudzi mamita osachepera 30 kuchokera pamene madzi amafika akakwera, osati pamene ali lero. Kukwera kwa madzi a m'nyanja mu 2024 kunaonetsa kuti zimbudzi zambiri zinakumbidwa m'nyanja. Ng'ombe zipatsidwe pomwera pawokha, kutali ndi posambira. Pakhomo, madzi a m'nyanja osambitsira mwana atungidwe n'kusungidwa m'ndowa masiku awiri athunthu, mulibe nkhono, chifukwa timphutsi tamchira tija sitikhala moyo kupitirira pamenepo popanda kulowa mwa munthu.

Ndife,
Aphunzitsi a sayansi ndi alangizi ena a zausodzi,
Mangochi